Nkhalango imene setilaiti yaona

Pasiteji ya Khombedza, bambo wina atagwira envulopu ndi mayi wa dengu la usipa ankadikira minibasi.

"Envulopuyo ndi ya ntchito, bambo?"

"Ya ulonda. Akuti kudzadutsa paipi ya mafuta. Eni paipiyo ajambula dera lonse ndi setilaiti kuti aone pamene akuba angadzaboole."

"Ndiye apeza pati?"

"Kankhalango kaja kuseri kwa minda ya mpunga. Akuti mitengo yathithikana, mbava zingabisalemo. Mlonda azidzakhala momwemo."

"Bambo, amene aja ndi manda. Ndi kudambwenso. Ngakhale nkhuni sititolako."

"Ndikudziwa, mayi. Koma kumwambako amangoona mitengo."

"Ndiye inu munalowa gule?"

"Ayi, ndine mkulu wa mpingo."

"Nanga kalatayo?"

"Ndalembamo dzina la mlamu wanga."