Hatchi Yovala Nsapato

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ine ndine namwino kuno ku South Bend, ku Amerika. Bambo anga atabwera kudzationa kuchokera ku Dedza, anazungulira nyumba yonse n'kufunsa kuti, "Khola lili kuti? Kumudzi ndikanene kuti mwana wanga alibe ngakhale nkhuku?"

Mawuwo anandibaya mumtima. Loweruka ndinawatengera kwa mzungu wina wogulitsa mahatchi kufupi ndi Indianapolis, nditatsimikiza zogula. Bambo anaisisita hatchi yofiirira, akumwetulira. Kenaka anayamba mafunso, ine ndikumasulira.

"Imalima?" Mzunguyo anati ayi.

"Imakamidwa?" Anatinso ayi.

"Nanga pakagwa maliro tingaiphe?" Funso limeneli ndinangolimeza.

Wogulitsayo anafotokoza monyadira kuti hatchiyo imafuna nsapato zatsopano pafupipafupi, dokotala wa mano, komanso bulangete kukazizira.

Bambo anavala chipewa chawo. "Tiye tizipita, mwanawe. Ichi si chiweto, ndi bwana. Ine ndemwe nsapato ndinayamba kuvala nditakwatira kale amako!"

Tinaseka njira yonse, ndipo manyazi anga anathera pomwepo. Khola tinamangadi, omvera, koma ku Dedza. Muli mbuzi zoyenda popanda nsapato.