Wailesi Inali Sukulu ya Bambo Anga

Ndikulemba kuchokera pa Chonde, kuno ku Mulanje. Dzina langa lokha musalitchule.

Bambo anga ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo sukulu analekezera Sitandade 3. Chingerezi chawo chonse anachiphunzira pa wailesi. Nthawi ya nkhani za m'Chingerezi ikakwana, ankatikhazika pakhonde la nyumba ya kampani. Wowerenga akamaliza chiganizo, tonse tinkabwereza, iwo patsogolo. Chingerezi chimenecho ndi chimene chinawakweza kukhala kapitawo.

Lero ndi okalamba, maso saonanso bwino. Mwezi watha anaitana mwana wanga wamkazi, amene akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino.

"Bwera mdzukulu wanga, udzamve aphunzitsi anga," anatero.

Bambo atatsegula wailesi, wowerenga nkhani wa tsikulo anadodoma pa chiganizo choyambirira. Mawu ena ankawameza, ena kuwatchula mokhota, kenako n'kudziseka yekha. Mwana uja anandiyang'ana. Bambo anawerama.

"Tseka wailesiyo, mwanawe," anandiuza. "Aphunzitsi aja anapita."

Kuyambira tsiku limenelo sanaitsegulenso. Ine ndimalakalaka khonde lija, ndi mawu a bambo akutsatira wowerenga mosaphonya.

Inu a pa wailesi, muziyamba mwawerenga panokha musanatiwerengere. Kuno kuli nkhalamba imene sukulu yake munali inu.