Ngalande ya Mkamwini Inathera pa Mpapaya

Kwacha itangolowa m'malo mwa mapaundi, m'mudzi mwathu kufupi ndi Mkaika munabuka mlandu, ndipo eni ake anali awa: Mayi Tisauke Phiri, mlongo wanga wamasiye, Bambo Yelemiya Sakala a ku Sinda, mkamwini wawo, amene anakwatira mwana wawo Esinati, Bambo Lazaro Mwale, nkhoswe ya kuchimuna, ndi ine, mkulu wa mpingo, nkhoswe ya kuchikazi. Tsikani padengapo, anyamata inu, ikani hamala pansi mumve, chifukwa ndaona kuti malata mwakhoma mpaka kumapeto koma khasu palibe waligwira.

Kale denga linali la udzu, ndipo udzu umayamba wamwa mvula n'kumaidontheza pang'onopang'ono. Komabe mitambo ikayamba kusonkhana, nyumba iliyonse inkakweza khonde ndi dothi la pachulu, n'kukumba ngalande yake ndi kuilumikiza ku ya mnzake mpaka madzi akagwere kudambo. Kumishoni tinkakwapulidwa chifukwa cha masamba otseka ngalande, ndipo sindinaone amene anafa nazo. Lero inu mumathiramo phulusa ndi zitsononkho, kenaka n'kumadandaula udzudzu ngati wakutumizirani munthu.

Tsono aSakala anabwera kuchokera kumigodi ndi malata, oyamba m'mudzi monse, namanga kumtunda kwa nyumba ya apongozi awo, pakuti ndi pomwe tinawapatsa malo. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosajomba kutchalitchi. Nthaka ya kwathu mukuidziwa, ili pafupi ndi dambo, yoti mphasa imachita nkhungu ngakhale mvula itakata. Ndipo lata silimwa madzi, limalandira onse n'kuwakhuthula pamodzi. ASakala ankazidziwa zimenezi, ndipo anakumba ngalande yabwino ndithu, yakuya ndi yowongoka, koma itafika pa mpapaya umene unali malire a bwalo la apongozi, anaimika khasu. Mkamwini sapita kuseri kwa nyumba ya apongozi, kumene kuli kosambira ndi khoma la chipinda chogona. Anabwerera kunyumba yawo ya malata ndi ulemu wawo wonse, ndipo madzi, amene sanalangidwepo mwambo, anapitiriza okha ulendo.

Mvula ya Disembala itakhazikika, madzi onse a pamalata aja ankathera pakhoma la mlongo wanga, nyumba ya dothi. Khoma linayamba kunyowa kuchokera pansi, dothi n'kumagumuka, ndipo miyendo ya nkhokwe inaima m'thope, chimanga chomaliza cha nthawi ya njala chili momwemo. Mukuganiza kuti ananena? Mpongozi salankhula ndi mkamwini. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mlongo wanga anauza Esinati, ndipo Esinati, poopa kuti mwamuna aganiza kuti akumupirikitsa n'kuzula malata ake kubwerera ku Sinda, anangokanena kuti amayi akumva kuzizira. ASakala anatumiza bulangete latsopano. Khoma likugwa, munthu akutumiza bulangete.

Ine ndinazitulukira Lamulungu lina pochokera kutchalitchi. Ndinapeza mlongo wanga atasamutsira mphasa kukhitchini, khoma atalichirikiza ndi mphanda, ndipo nditafunsa chifukwa chimene sanandiitanire anati: "Achimwene, mwana wa eni wabwera ndi malata m'mudzi muno, ine ndikhale woyamba kudandaula? Anthu adzati ndi nsanje." Ndinakwera kwa aSakala mtima ukuwira, ndikuyesa kuti sakudziwa. Ankadziwa. Anandiuza kuti mvula ikagwa amaima pakhonde kuyang'ana kumene madzi akupita, sakuona tulo, anayesapo kutchinga ndi miyala, koma akudikira kuti wina awaloleze kudutsa mpapaya. Anthu atatu aakulu, obatizidwa, akuonerera nyumba ikusungunuka, aliyense akulemekeza mnzake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, anatero akale, koma apa mkhate womwewo unali kusweka.

Ndinatumiza mawu ku Sinda, ndipo aMwale anabwera panjinga matope mpaka m'mawondo. Tinakhala pansi pa mango m'mawa, mkamwini atafulatira khitchini, apongozi ali m'kati kuseri kwa chitseko. AMwale, munthu wa pakamwa potelera, anayamba ndi kunena kuti mvula ndi ya Mulungu, ndipo sanamvepo munthu akulipitsidwa chifukwa cha mitambo. Ndinawayankha kuti mvula ndi ya Mulungu ikadali m'mwamba, koma ikangotera padenga lako yapeza mwini, ndipo mwiniyo aiperekeze mpaka kudambo monga amaperekezera mlendo. Anaseka nati akulu a mpingo aphunzitsa mvula katekisimu. Sindinaseke nawo. Ndinawatenga kukaona khoma, iwo pokhala si akamwini, ndipo atalowetsa chala m'dothi chinalowa chonse ngati m'phala. Pobwerera anali atasiya nthabwala.

Ndikunenatu izi, ana anga, osati kuti ndinyoze mwambo, pakuti ulemu ndi chinthu chabwino ndipo ukusowa masiku ano. Koma walira mvula walira matope, ndipo wogula malata wagula ndi ngalande yomwe. Musanakhome lata lomaliza, yendani ndi miyendo njira imene madzi adzayende, muone nyumba ya yani ili kumunsi kwanu, mukagogode mvula isanagogode.

Chigamulo tinagamula motere. ASakala apite ku Katete kwa Che Saidi, wosula zidebe, akapinditse lata lolandira madzi m'mphepete mwa denga kuti azigwera mumgolo, ndipo Esinati, amene anatsekereza mawu, ndiye azichotsamo masamba chaka ndi chaka. Ngalande idutse mpapaya, ipite kuseri kwa nyumba mpaka kudambo, mkamwini akumbe yekha ndi kumanganso khoma, apongozi tsikulo akatandale kumunda. Ndipo ine ndinawonjezerapo langa, kuti aSakala apereke nkhuku, iwo ndi apongozi awo amasulidwe azilankhulana, chifukwa madzi saiwala khwawa ndipo chaka chamawa adzabweranso.

ASakala anaomba m'manja navomera zonse. AMwale anavomera. Esinati anavomera akuyang'ana pansi. Kenaka kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a mlongo wanga: "Ngalande ipite, khoma amange. Koma nkhukuyo adye okha, zolankhulana ndi mkamwini ayi. Madzi akadzavuta ndidzaitana inu, achimwene. Nanga unkhoswe ntchito yake n'chiyani?"

AMwale anaomba m'manja, aSakala anaomba koposa, nkhope ikuoneka yopepukidwa, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Ndinavomera pomalizira, ndipo chiyambire tsikulo, mitambo ikangosonkhana, woyenda pakati pa nyumba ziwirizo kunyamula uthenga wa ngalande ndinali ine.