Choko pa chitseko cha mayi Ijja

Malemu agogo anga, a Assou Ouhmad, anabadwa pa 4 Malichi 1951 m'mudzi mwathu muno mwa Tazalt. Ine ndine Idir, mdzukulu wawo. Amalume andipatsa pepalali chifukwa ndine ndamaliza sukulu chaka chino, osati chifukwa ndimatha kuyankhula pagulu. Nonse mukundidziwa. Ndipepeseretu kwa akuluakulu kuti m'mbiri muno ndawonjezamo chinthu chimene amalume sanachione, chimenenso sindinauzepo munthu. Ndachiika kumapeto, chifukwa ndikanayamba nacho sindikanatha kuwerenga zinazi.

Malemu anali achiwiri m'banja la ana asanu. Anayamba kuphunzira Kurani kumzikiti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 1960 analowa sukulu ya kumsika, ulendo wa maola awiri wapansi. Analekezera kalasi yachinayi bambo awo atamwalira. Mu 1969 anapita ku mzinda wa Agadir kukagwira ntchito yomanga nyumba. Anabwerera mu 1974 ndi kukwatira agogo aakazi, a Tlaytmas, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Ngalande imene imathirira minda yathu ya amondi, makoma ake ambiri ndi manja awo.

Pa 19 Ogasiti 1998 mtsinje unasefukira masana dzuwa lili phwee, mvula itagwa kumapiri kokha. Unatenga anthu asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo mng'ono wawo, a Hro. Chaka chomwecho malemu anayambitsa gulu la Alonda a Mtsinje. Anagwirizana ndi abusa a ziweto a kumtunda kuti azichenjeza akaona madzi asintha mtundu. Uthenga ukafika, amalengeza pa chinkuzamawu cha kumzikiti, mlonda aliyense n'kuthamangira njira yake ndi wezulo ndi choko, anthu onse n'kukwera ku bwalo lopunthira barele.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi. Ankati, "Tsiku la madzi chitseko chilibe manyazi. Lowa, ona chipinda chilichonse, kenako ulembe mzere." Chitseko chokhala ndi mzere wa choko palibe amabwererako.

Kawiri pachaka tinkayeserera kuthawa. Ena ankadandaula kuti, "A Assou ndi wezulo wawoyu adzatipha ndi chitunda madzi asanatipeze." Iwo ankangoyankha kuti, "Kwerani, bwanawe, mtsinje sudikira kuti tiyi wanu azizire." Kuyambira chaka chimenecho madzi analowa m'mudzi katatu, osatenga munthu.

Pa 12 Sepitembala chaka chino abusa anaimba foni itangokwana 3 koloko masana. Pasanathe theka la ola tonse tinali pabwalo. Malemu powerenga anthu anapeza kuti mayi Ijja, amasiye a kunjira ya kumunsi, palibe. Anauzidwa kuti chitseko chawo chili ndi mzere, mwina anapita kwa mwana wawo. Malemu anayang'ana kumunsi n'kunena kuti, "Ijja sangachoke mbuzi yake ili pachingwe." Anatsika okha, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Anawapeza ali m'tulo m'chipinda chamkati, popeza makutu awo samva bwino, ndipo anawabereka madzi akuwafika pachifuwa. Mayi Ijja ali nafe lero, akhala pakhomo apo ndi amayi anzawo.

Patapita masiku awiri malemu anayamba kutentha thupi. Pa 17 Sepitembala tinapita nawo kuchipatala m'tauni, kumene anatiuza kuti ndi chibayo. Madokotala anayesetsa. Anamwalira Lolemba pa 2 Okutobala m'mawa, ndipo tinawaika tsiku lomwelo.

Mlonda wa njira ya kumunsi ndi a Addi. Chichokereni tsiku la madzi lija, anthu akuti a Addi analemba chitseko osalowa. Kumsika sakuwayankha moni. Ndamva kuti mawa pambuyo pa mapemphero a Lachisanu gulu likumana kuti liwalande wezulo, ndipo alonda ena anena kuti ngati a Addi atsalamo iwo atuluka. Lero a Addi akhala pafupi ndi chipata. Ndakhala ndikuona, palibe wawathirira tiyi.

Malemu asiya akazi awo a Tlaytmas, mlongo wawo a Rkia, ana asanu amoyo, ndi ife adzukulu khumi ndi anayi. Banja likuthokoza a imamu, anthu amene anasambitsa thupi, amene anakumba manda, a Zayd amene anatinyamula pa galimoto yawo, amayi onse amene akhala akuphika chakudya chathu cha kusikusi masiku ano, ndi abusa amene atsika kusiya ziweto zawo. Malemuwa Allah awakhululukire, awafutukulire manda awo, ause mumtendere.

Apa ndi pamene pakuthera zimene amalume anaona.

A Addi, tsiku lija munali mutabereka bambo anu olumala miyendo. Munandiona panjira, n'kundiponyera choko, n'kunena kuti, "Idir, zatsala zitseko zitatu, lamulo ukulidziwa." Ziwiri ndinalowa. Pa chachitatu, cha mayi Ijja, ndinagogoda kawiri. Chibadwire sindinalowepo ndekha m'nyumba ya mayi wosakhala mbale wanga. Komanso mayi Ijja akandiona amakonda kundiseka kuti, "Iwe mwana wa Zahra, lilime unalisiya kusukulu?" Ndinaganiza kuti mwina ndikawapeza atagona mutu uli wosafunda, n'kudzasekedwa mudzi wonse. Ndinatchera khutu, munali zii. Ndinalemba mzere n'kuthawa.

Agogo anadziwa tsiku lomwelo. Ine ndine wamanzere, ndipo mzere wanga umapendekera kwina. Kuchipatala anandiitana ena atatuluka, n'kunena kuti, "Addi wakhala chete chifukwa cha iwe. Ine sindinena. Pakamwa ndi pako." Ndinayembekeza kuti achire kuti ndidzanene iwo ali pambali panga. Sanachire.

A Addi, masabata atatu mwasenza katundu wanga. Chokocho chili m'thumba mwanga muno. Akuluakulu a gulu, mawa musawalande wezulo. Ngati pali woti ayime pamaso panu, ndine.

Mayi Ijja, ndikudziwa kuti zonsezi simunazimve, ndiye ndiyandikira ndi kukweza mawu, monga ndikanachitira tsiku lija. Amene analemba chitseko chanu inu muli m'kati si a Addi. Ndine, Idir, mwana wa Zahra.