Chipolopolo Chimene Ndinatola Pageti

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Dubai ndi inu a kumudzi. Ndikufuna kukuuzani za nthawi imene Mmalawi mnzanga anandinamizira kuntchito, ndi mmene Mulungu anandilanditsira nditatsala pang'ono kudziponya ndekha m'ndende.

Nditagwira ulonda zaka zingapo, kampani inandisankha kuti ndiphunzire kuyang'anira chitetezo pamalo amene anthu amabwera kudzaombera mfuti. Tinasankhidwa awiri, ine ndi Fanuel, amene tinkagona naye chipinda chimodzi kukampu ya antchito ku Sonapur. Lamulo lalikulu pantchitoyi ndi lakuti mfuti ikabwerera patebulo uitsegule, uyang'ane m'kati, kenako ulowetsemo kapulasitiki kachikasu kosonyeza kuti mulibe kanthu. Tsiku lina mphunzitsi wathu, bambo wa ku Jordan amene kale anali msilikali, anapeza mfuti ili ndi chipolopolo m'kati. Inachokera pamzere wa oombera umene Fanuel ankayang'anira, koma iye anafulumira kunena kuti anaisiya m'manja mwanga. Ndinakana mpaka misozi, koma mphunzitsi anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti nkhani yatha. Anandichotsa pamaphunziro n'kundibwezera pageti, ndipo anandichenjeza kuti ndikalakwanso viza yanga yatha.

Sindikubisirani abale, ndinkapemphera ndithu, koma mapemphero anga anali moto wokhawokha. Ndinkapempha kuti Fanuel agwere m'dzenje limene anandikumbira, kuti dzanja lake liume, kuti abwerere kwawo manyazi ali kumaso. M'basi ya kampani ankandipatsabe moni, "Mwadzuka bwanji achimwene?" Ine ndinkangoyang'ana pawindo, mano nditakukuta.

M'mawa wina ndikutsegula geti ndinaona chipolopolo chosaombedwa chili pansi, pafupi ndi poimika magalimoto. Ndinachitola. Kuno munthu akapezeka nacho popanda chilolezo, ndi nkhani ya apolisi. Ndinapita m'chipinda chosinthira zovala, momwe jekete ya Fanuel inali pamsomali, ndikunena mumtima kuti lero Ambuye apereka mdani wanga m'manja mwanga. Dzanja ndinalilowetsa m'thumba lake, koma zala zinakana kutaya. Ndinamva ngati wina akundifunsa mwakachetechete kuti, kodi bodza limene lakulizitsa miyezi yonseyi likhala loyera chifukwa walinena ndiwe?

Ndinatuluka mkwiyo udakalipo, chipolopolo chili m'manja, n'kulunjika kuofesi ya mphunzitsi. Ndinamupeza foni ili m'manja. Powerenga zipolopolo za dzulo lake chinasowa chimodzi, ndipo ankafuna kutseka mageti, kuitana apolisi, kusecha aliyense ndi kuona makamera onse. Chikanapezeka mu jekete ija, kamera ya pakhomo ikanaonetsa amene analowamo. Ndinachiika patebulo n'kumuuza pamene ndinachitola.

Mphunzitsi anati, "Iwe ndinakuchotsa, koma wabwera nacho kwa ine. Khala pansi." Anatsegula zojambulidwa ndi kamera za tsiku la mfuti ija, zimene poyamba sanadzivutitse kuziona, ndipo tinaona tonse Fanuel akuisiya patebulo osaitsegula, ine ndili kumzere wina.

Kampani inamukweza Fanuel ndege yobwerera kumudzi sabata yomweyo. Ine ndinabwerera pamaphunziro, ndinamaliza, ndipo lero ndimaima kumbuyo kwa oombera, akamva mawu anga amatsitsa mfuti. Ndiulule kuti nditaona bedi lake lili lopanda kanthu ndinasangalala, ndipo mpaka pano dzina lake limandiwawa pakamwa popemphera. Mundipempherere pa chimenechi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira zala zanga pamene mtima unali utagwa kale. Iwe amene akunamizira, limbika, usatope kugwada. Mlandu wako uli ndi Woweruza, ndipo safuna kuti umuthandize ndi bodza. Ameni.