Mayi Kadontho, Amene Ankaona Moto Uli Kutali

Malemu amene atisonkhanitsa pano anabadwa pa 9 Meyi 1975, ali mwana wachitatu m'banja la ana asanu. Bambo athu anali kalipentala, ndipo malemu anakulira m'fungo la matabwa, akujambula misewu ndi mitsinje pa zidutswa zotsala. Wowerenga mbiriyi ndi mlongo wawo, amene anawaponda pamutu.

Anayamba sukulu mu 1981, ndipo mu 1997 anamaliza maphunziro a za nkhalango ndi mapu. Chaka chotsatira analembedwa ntchito ku ofesi yosamalira nkhalango. Mu 2001 anamanga banja ndi alamu athu, amene ndi aphunzitsi, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2012 ofesi yawo inalandira thandizo la makompyuta olandira zithunzi kuchokera ku setilaiti, makina oyenda mumlengalenga amene amazindikira pamene patentha pansi pano. Moto ukabuka m'tchire, pa mapu a pakompyuta pankatuluka kadontho kofiira. Malemu anapatsidwa chipinda cha makinawo, chopanikiza, cha zenera limodzi losatseguka, foni ili pambali pa chigongono. Ntchito yawo inali kuona kadonthoko, kuona kumene mphepo ikulowera, n'kuimbira ozimitsa moto. Anyamatawo ndi amene anawapatsa dzina loti Mayi Kadontho. Alamu athu ankaseka kuti mkazi wawo amaona moto wa kuseri kwa mapiri, koma ndiwo zikamapserera pa mbaula kukhitchini, mphuno zawo zimakhala zili patchuthi.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti thandizolo linathera m'chipinda momwemo. Ndalama zolambulira njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, zogulira mafuta, matayala ndi nsapato za ozimitsa moto, zinkachepa chaka ndi chaka. Akuluakulu ankati ziganiziridwa. Moto ukawononga, m'pamene ankabwera ndi mabulangete ndi ojambula zithunzi. Malemu ankawakumbutsa kuti mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ena anayamba kuwatcha mayi wolongolola.

Pa 17 Okutobala 2022, dzuwa lili paliwombo, kadontho kanatuluka kumtunda kwa malo ochekera matabwa, kumene kunkakhala mabanja a antchito. Mphepo inkalowera komweko. Malemu anaimbira mkulu wa ozimitsa moto, koma iye anati galimoto yawo yakhala pa miyala kuyambira Juni, ndipo anyamata anyamuka wapansi ndi nthambi m'manja. Malemu anaimbanso kwa ocheka matabwa, foni yosagwira. Anakhala akuyang'ana kadontho kaja kakubereka anzake, mpaka mtima unawakanika. Anasiya mnzawo pampando, natenga kagalimoto kawo kopitira kuntchito.

Anafika utsi utatseka kale msewu. Anatuta ana ndi amayi maulendo angapo, mawindo ali otsegula chifukwa anthu anali atapanikizana mpaka m'buti. Onse anapulumuka kupatula mlonda wina wokalamba, amene anabwerera kukamasula agalu ake ndipo anapezeka mawa lake atamwalira. Anthu ankayamikira malemu, koma iwo sankafuna kumva. Ankati moto umenewo anauona ukadali woti munthu n'kuuzimitsa ndi thumba lonyowa, ndipo mdalayo sanayenera kufa.

Kuyambira tsiku limenelo chifuwa sichinawasiye. Madokotala anati utsi unawononga mapapo. Anabwererabe kuntchito mu 2023, akupumira pa sitepe iliyonse. Kumisonkhano yogawa chuma ankapita ndi mankhwala m'chikwama, n'kuyankhula mpaka mawu kutha. Ankawomberedwa m'manja, kupatsidwa madzi, nkhani n'kuimikidwa mpaka chaka chamawa.

Mu Epulo chaka chino anagonekedwa m'chipatala, akupumira makina. Lachiwiri lapitali m'mawa, alamu athu akuwapukuta kumaso, malemu anachotsa chopumira chija n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, udzu wauma kunjaku. Njira zija alambula?" Alamu athu, amene sanawanamizepo chikwatiranireni, anangowagwira dzanja. Malemu anagwedeza mutu, natembenukira kukhoma. Anatisiya masana a tsiku lomwelo, ali ndi zaka makumi asanu.

Asiya amuna awo, ana atatu, mdzukulu mmodzi amene sanayambe kuyenda, mayi athu okalamba amene lero akuika mwana amene ankayembekeza kuti adzawaika, ndi abale awo anayi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, a mpingo, ndi anansi amene agona nafe pano. Tikuthokoza mabanja a ocheka matabwa, amene akhoma okha bokosi ili n'kukana malipiro. Tikuthokozanso ozimitsa moto, amene apempha kuti anyamule mayi wawo pa mapewa mpaka kumanda. Anzawo awiri a kuofesi atumiza chipepeso kuti sabwera. Kuyambira dzulo pa mapu pali madontho, ndipo mpando uja sungakhale wopanda munthu. Tawamvetsa, chifukwa malemu akanawabweza okha pachipata.

Mlongo wathu, maso anu anatopa. Atsekeni tsopano, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.