Mkazi wa pa Nsalu

Moni aulutsi, moni omvera anzanga. Ine ndimagulitsa mbatatesi ku Nsipe, ndipo pakamwa mpanga ndithu, koma nkhope ndi imene inandigulitsa motchipa.

M'masewero a kumishoni sanandipatsepo malo a munthu wabwino. Pa Khirisimasi ndinkakhala Herode, pa Isitala Yudasi. Azungu a kanema atabwera kudzajambula anangondiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti, "Ndi ameneyu." Ndinasewera chidakwa chochokera ku Joni chimanjamanja, chomenya mkazi. Wosewera mkaziyo anali mlendo, tinadziwana masiku atatu okha.

Nthawi imeneyo n'kuti nditafunsira mbeta ku Mlangeni. Galimoto ya kanema inakaonetsa chithunzicho m'mudzi mwawo ine ndi ankhoswe anga tisanafike.

Titapita, amalume a mtsikanayo anatiyalira mphasa bwinobwino, kenako anati, "Bambo, akazi anu aja ali bwanji? Diso lija linaphwa?"

"Amalume, lija linali sewero chabe."

"Sewero? Mudzi wonse tinaona pa nsalu ndi maso athuwa. Ife ndife Akhristu, za mitala ayi. Ndiponso mwana wathuyu si ng'oma."

Ndinanenerera ngati pamsika mpaka kukhosi kunauma. Mtsikanayo ankamvetsera kuseri kwa nkhokwe, akulira. Iye ankadziwa zoona, koma palibe anamufunsa. Chaka chomwecho anamukwatitsa kwina.

Ndinayesanso midzi iwiri, koma galimoto ija inali itadutsa kale. Mpaka lero ndimadziphikira ndekha. Ntcheu yense amadziwa kuti ndili ndi mkazi, koma ine ngakhale dzina lake ndinaliiwala.